Kalukidwe ka shawelo yamabowo yokhota ngati mwezi wongokhala kumene

Shawelo ndikunenayi si ija timafunditsa khanda popita kusikelo ayi. Iyi ndi ya munthu wamkulu, yopyapyala, yopepuka, ndipo m'mphepete mwake muli maluwa a mabowo. Mukaiyala pabedi imakhota ngati mwezi wongokhala kumene: pakati potakata, uku ndi uku nyanga ziwiri zoloza m'mwamba. Kukhotako sikuti n'kokongoletsa chabe. Shawelo ya ngodya zitatu imakonda kutsetsereka, munthu n'kumangokhalira kuikoka tsiku lonse, pomwe iyi nyanga zake zimagwera kutsogolo n'kukhazikika zokha pachifuwa. M'mawa wa Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu, kapena chiperoni chikakuta Blantyre, mumangoiponya m'khosi pamwamba pa bulauzi, basi mwatchena, mwafundanso.

Nsalu ya mabowomabowo yoluka ndi singano, imene timaitcha lesi, ili ndi kwawo. Pa zilumba za Shetland, kumpoto kwa Scotland, makamaka pa chilumba cha Unst, amayi adatchuka ndi mashawelo a ubweya wa nkhosa opyapyala moti shawelo yathunthu imadutsa mu mphete ya ukwati. Ku Orenburg m'dziko la Russia amaluka ndi ubweya wofewa wa mbuzi, ndipo ku Haapsalu m'dziko la Estonia alinso ndi kalukidwe kawo. Mashawelo akale amenewa ambiri anali a ngodya zinayi, a ngodya zitatu, kapena aatali ngati sikafu. Yokhota ngati mwezi yafala m'zaka za intaneti zino, oluka atayamba kugawana mapateni pa masamba ngati Ravelry, lomwe lidayamba mu 2007. Maluwa a m'mphepete amene tiluke pano ndi a ku Shetland konko. Eni ake amawatcha horseshoe, kufanizira ndi chitsulo chokhota chimene amakhomera kuphazi kwa hatchi. Kwa ine amaoneka ngati mamba a chambo.

Ndineneretu chinthu chimodzi kuti musadzandinene. Nthawi yonse imene shawelo ili pa singano imaoneka ngati sanza: yokhwinyata, yaing'ono, mabowo osaoneka bwino. Anzanu akafunsa chimene mukuluka, mudzachita manyazi kuyankha. Ulemerero wake umatuluka tsiku lomaliza, mukainyika m'madzi n'kuikunga. Choncho ntchito yanu m'masabata oyambawa ndi kuwerenga masitichi, osati kusirira.

Zofunika kukhala nazo

Ulusi ukhale wopyapyala, umene pa lebulo amalemba 4 ply. Magalamu 100 a ulusi wotere amakhala pafupifupi mamita 400, ndipo shawelo yathu imadya pafupifupi wonsewo. Ngati thumba likulola, gulani magalamu 150 kuti mtima ukhale pansi, ndipo mugule tsiku limodzi, chifukwa ulusi wa mtundu womwewo wonyikidwa mu utoto nthawi zosiyana umasiyana pang'ono, ndipo padzuwa zimaonekera. Sankhani wa mtundu umodzi, wowala. Ulusi wa mawangamawanga umakopa maso m'sitolo, koma ndi chikomekome cha mkuyu: mabowo onse amene mwavutikira amasowa m'mawangamo. Wakuda nawo ndi wovuta kuona masitichi, makamaka magetsi akazima mukulukira pa kandulo.

Muyenera kudziwa ngati ulusi wanu ndi ubweya weniweni wa nkhosa kapena akiliki, ulusi wopangidwa ku fakitale wa m'gulu la pulasitiki, chifukwa kakungidwe kake n'kosiyana. M'masitolo athu ambiri umene timautcha wulu ndi akiliki. Dulani kachidutswa, kagwireni ndi chopanira, mukayatse ndi machesi panja. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lowauka, moto umazima wokha, ndipo phulusa lake limafumbutuka ndi zala. Akiliki amasungunuka n'kusiya kambulu kakuda kolimba. Wa thonje umanunkha ngati pepala lopsa.

Ubweya wabwino wotchipa uli pa kaunjika. Pezani juzi ya ulusi wopyapyala yolembedwa wool kapena merino, muitembenuze muone msoko. Ngati zigawo zake adaziluka pazokha n'kuzilumikiza ndi kamsoko kooneka ngati tcheni, imasuka bwinobwino kukhala ulusi wautali. Ngati m'mphepete adadula ndi makina n'kusoka ovaloko, isiyeni, mudzangopeza tizidutswa. Ulusi womasula umakhala wopotanapotana. Ukulungeni kumsana kwa mpando, muumange malo anayi, muunyike m'madzi ozizira, muuyanike pamthunzi mutapachika kanthu kolemera pang'ono kumunsi. Ukauma umawongoka.

Singano ikhale ya mamilimita 4, ya mtundu uja wa nsonga ziwiri zolumikizidwa ndi chingwe, kutalika masentimita 80 kapena 100. Sitiluka mozungulira ayi, tiziluka kupita ndi kubwerera monga mwa masiku onse, koma masitichi adzafika 295 ndipo singano zowongoka sizingawanyamule bwino. Masipoko a njinga amene ambirife tidaphunzirira kuluka pano sathandiza, chifukwa ndi a mamilimita 2 okha. Lesi imafuna singano yonenepa kuposa mmene ulusi ukufunira, kuti nsalu ikhale yotayirira. Singano yachingwe ikasowa, munthu waluso atha kusema nsonga ziwiri za nsungwi, kuzisalaza ndi sandipepa ndi phula la kandulo, n'kuzilumikiza ndi chingwe chonenepa chowedzera nsomba. Polumikizirapo pakhale posalala kwambiri, apo ayi ulusi uzikodwa mzere uliwonse. Ngati ulusi umene mwapeza ndi wonenepa, wolembedwa DK, tengani singano ya mamilimita 5 kapena 5.5.

Zina ndi zazing'ono: timphete ta ulusi wa mtundu wina pafupifupi 30 tokhala zizindikiro, ulusi wa thonje wosalala wautali, singano yosokera ya diso lalikulu, mapini ambiri osachita dzimbiri, ndi kope lolembamo mizere.

Masitichi atatu oti muwazolowere

Pleni ndi pelo, masitichi awiri oyambira kuluka amene mapateni achingerezi amawatcha knit ndi purl, ndikhulupirira mumazidziwa kale. Zoonjezera ndi izi.

Kukoleka, kumene mapateni achingerezi amalemba yo: bweretsani ulusi kutsogolo pakati pa singano ziwiri, muudutsitse pamwamba pa singano ya kumanja, mupitirize kuluka. Mwapanga sitichi yatsopano, ndipo pansi pake padzakhala bowo. Lesi yonse ndi mabowo amenewa oikidwa mwadala.

Kubalitsa: mu sitichi imodzi lukani pleni koma osaichotsa pa singano ya kumanzere, kolekani, lukaninso pleni mu sitichi yomweyo, kenako muichotse. Imodzi yabala atatu.

Kuphatikiza atatu, kumene amalemba sk2p: sunthirani sitichi imodzi ku singano ya kumanja osailuka, mukulowetsa singano ngati mukufuna kuluka pleni. Lukani awiri otsatira pamodzi. Nyamulani ija munasuntha, muidumphitse pamwamba pa imene mwangolukayi. Atatu asanduka imodzi.

Musanayambe shawelo, ikani masitichi 27 muluke maluwa a m'munsimu kawiri. Ndikudziwa kuti ambiri mudumpha ndime ino, inenso ndinkadumpha. Koma kachidutswa aka kamaphunzitsa zala pateni pa masitichi ochepa, ndiponso ndi pamene mudzayesere madzi kapena nthunzi musanaike shawelo yeniyeni pachiswe.

Poyambira: kalamba ka pakhosi

Shawelo timaiyambira pakati pa m'mphepete mwa kumtunda, pamene pamakhudza kumbuyo kwa khosi, n'kumakula kutsikira m'munsi.

Ikani masitichi 3. Lukani mizere 14 ya pleni yokhayokha. Mupeza kalamba kakang'ono kokhala ndi timizere totukuka 7. Mukatha mzere wa 14 musatembenuze ntchito monga mwa nthawi zonse, koma pendeketsani kalambako kuti m'mbali mwake mwautali muyang'ane kumwamba. Tolani n'kuluka sitichi imodzi pa kamzere kotukuka kalikonse, akwane 7. Pendeketsaninso, mutole 3 pamene munayambira paja. Pa singano pali 13. Pamakhala pothina, zala zimachita kulimbana, koma ndi kamodzi kokha.

Tembenuzani. Pleni 3, ikani kamphete, pelo 7, ikani kamphete, pleni 3. Masitichi atatu a mbali iliyonse ndiwo mpendero, ndipo azilukidwa pleni mzere uliwonse mpaka shawelo itatha.

Mapateni ambiri amayamba ndi kalamba ka mizere 6. Ine ndimakatalikitsa dala, chifukwa shawelo yokhota ili ndi nthenda yake: pakhosi pamatukuka linunda ngati la ng'ombe. Linundalo limabwera chifukwa thupi la shawelo limakula mofulumira pomwe mpendero ukuthina. Kalamba kakatalika, linunda limachepa.

Mankhwala achiwiri a linunda ndi awa, ndipo musawanyozere. Poyamba mzere uliwonse, m'malo mongoluka pleni 3, lukani pleni 1, kolekani, pleni 2. Pomaliza mzere wotsatira mudzakumana ndi ulusi munakolekawo pakati pa mpendero. Musauluke, ingougwetsani pa singano. Ulusi wotsalawo umalowa m'masitichi a m'mbali n'kuwamasula, ndiye tsiku lokunga mpendero umatambasuka mosavuta. Powerenga masitichi, wokoleka wa mu mpenderoyu osamuwerengera.

Thupi la shawelo

Mizere ndi iwiri yokha, yobwerezabwereza.

Mzere wa kumaso: mpendero, sunthani kamphete, balitsani sitichi yoyamba, pleni mpaka patsale sitichi imodzi kamphete kachiwiri kasanafike, balitsani imeneyo, sunthani kamphete, mpendero. Mwaonjezera 4.

Mzere wa kumbuyo: mpendero, sunthani kamphete, kolekani, pelo mpaka pa kamphete kachiwiri, kolekani, sunthani kamphete, mpendero. Mwaonjezera 2.

Pa mizere iwiri iliyonse masitichi akukwera ndi 6, ndipo onsewo akubadwira m'mbali. Apa ndiye pagona kukhota. Shawelo ya ngodya zitatu imaonjezera 4 pa mizere iwiri, awiri pakati ndi awiri m'mbali, n'chifukwa chake imasongoka kumsana. Ife pakati sitikuonjezerapo kanthu, ndiye kumsana kumakhala kozungulira, pomwe m'mbali mukuchulukana masitichi mpaka nyanga zimakakamizika kupindikira m'mwamba.

Muona kuti sitichi imene mukubalitsa pa mzere wa kumaso ndi ulusi uja munakoleka pa mzere wa kumbuyo. Ndi momwemo. Pamatuluka bowo lalikulupo, ndipo mabowo amenewa amandandalika m'mphepete mwa mpendero ngati mikanda. Chenjerani kuti ulusi wokoleka usadumphe kamphete n'kukalowa ku mpendero. Ukatero mupeza mpendero wa masitichi 4, ubwezereni kwawo.

Muziwerenga mukamaliza mzere wa kumbuyo. Pakatha mizere 20 mukhale ndi 73, pa mizere 40 mukhale ndi 133, pa mizere 60 mukhale ndi 193, ndipo pa mizere 78 mufike 247. Pamenepo imani.

Nambala ya 247 sindinaitole pamsewu. Duwa lililonse limadya masitichi 10, kuphatikiza sitichi imodzi yotsegulira mzere ndi 6 a mipendero iwiri. Ndiye kuti nambala iliyonse yothera ndi 7 ikugwira ntchito, ndipo mwa kawerengedwe kathuka imabwera pa mizere 10 iliyonse: 187, 217, 247, 277, 307. Wa ulusi wonenepa aime pa 187 kapena 217. Wofuna shawelo yaikulu yofunda mpaka m'zigongono, ndipo ulusi ali nawo, apitirire mpaka 277. Mukapeza kuti mwaphonya ndi sitichi imodzi kapena awiri, musamasule mizere 78 chifukwa cha zimenezo. Lukani mzere umodzi wa pleni ndi wina wa pelo osaonjezera m'mbali, ndipo pa wa pleniwo muonjezere kapena kuchepetsa mwakachetechete pafupi ndi mpendero. Palibe adzaone.

Chigawo chino n'chosavuta moti mutha kuluka mukucheza pakhonde kapena mukudikira ndiwo kuti zipse. Mizere yoyamba imatha ngati madzi, koma kumapeto mzere umodzi umadya mphindi 10 kapena kuposa. Mpira wa ulusi ukatha, lumikizani wina pafupi ndi mpendero, osati pakati pa msana, ndipo musamange mfundo. Lukani masitichi anayi kapena asanu ndi ulusi wakale ndi watsopano pamodzi, michira mudzaisokerera pomaliza.

Musanalowe m'maluwa, yezani ulusi wotsala pa sikelo ya kukhitchini. Ngati munayamba ndi magalamu 100, pakhale patatsala pafupifupi theka. Ulendo umodzi wa maluwa, mizere 8, umadya magalamu pafupifupi 10, ndipo mphonje yomaliza pamodzi ndi kutseka zimafuna magalamu 15. Ulusi ukaoneka kuti uchepa, mudzaluke maluwa kawiri m'malo mwa katatu.

Chingwe chopulumutsira

Tengani ulusi wa thonje wosalala uja, wa mtundu wosiyana ndi shawelo, muulowetse m'singano yosokera, muudutsitse m'masitichi onse ali pa singano, motsatira chingwe cha singanoyo. Musaubaye ulusi wa shawelo, ndipo musaudutsitse m'timphete. Siyani michira yaitali ikulendewera uku ndi uku, mupitirize kuluka ngati palibe chachitika. Mukadzasokoneza maluwa moti simukuona mutu wake, mudzangosolola singano, kumasula mpaka pa chingwechi, ndipo masitichi onse 247 adzakhala ali phee kukudikirani. Lesi yomasula popanda chingwe ndi misozi, chifukwa mabowo amathawa ndipo sadziwika pamene anali. Ikani chingwe china mukamaliza mzere wa 8 uliwonse.

Maluwa

Kuyambira pano kuonjezera kwa m'mbali kwatha. Kukoleka kwa mu mpendero kuja, kogwetsa, kupitirire. Pa mzere woyamba muike kamphete mukaluka sitichi yotsegulira, kenako kamphete kena pakatha duwa lililonse. Pa masitichi 247 maluwa ndi 24. Zimene zili pakati pa nyenyezi muzibwereza mpaka mufike pa mpendero wa mbali inayo.

Mzere 1: mpendero, pleni 1, * koleka, pleni 3, phatikiza atatu, pleni 3, koleka, pleni 1 *, mpendero.

Mzere 3: mpendero, pleni 1, * pleni 1, koleka, pleni 2, phatikiza atatu, pleni 2, koleka, pleni 2 *, mpendero.

Mzere 5: mpendero, pleni 1, * pleni 2, koleka, pleni 1, phatikiza atatu, pleni 1, koleka, pleni 3 *, mpendero.

Mzere 7: mpendero, pleni 1, * pleni 3, koleka, phatikiza atatu, koleka, pleni 4 *, mpendero.

Mizere 2, 4, 6 ndi 8: mpendero, pelo yokhayokha, mpendero.

Bwerezani mizere 8 imeneyi katatu.

Mukayang'anitsitsa, pateni iyi si yoloweza pamtima ngati ndakatulo ya kusukulu. Pa duwa lililonse mukukoleka kawiri n'kuchotsa awiri, ndiye pakati pa timphete pazikhala 10 nthawi zonse. Pophatikiza atatu pamakhala pamodzimodzi mzere uliwonse, pakati pa duwa, ndipo pamapanga kamzere koongoka ngati msana wa nsomba. Mabowo okha ndiwo akuyenda: amayambira kutali ndi msanawo, mzere uliwonse n'kusendera sitichi imodzi, mpaka pa mzere 7 akhudzana nawo. Mukangoona zimenezi ndi maso anu, kope mulisiya. Pophatikiza atatu, sitichi ya pakati pa atatuwo ikhale ija ili pamwamba pa msana. Ikakhala ina, mwasochera penapake m'duwa lomwelo, bwererani masitichi ochepa, musapitirire n'kumati zikakonzeka kutsogolo.

Mzere wa pelo ndiwo wa polisi. Poluka muziwerenga chamumtima kuchokera pa kamphete kufika pa kena. Mukapeza 9, mwaiwala kukoleka, ndipo ndiko kulakwitsa kofala kuposa kwina kulikonse. Mankhwala ake ndi apafupi: pamene payenera kukhala bowo, nyamulani ulusi wopingasa umene uli pakati pa masitichi awiri, muuike pa singano ya kumanzere, muuluke pelo osaupotoza. Bowo likhala locheperako, koma likakungidwa lifanana ndi anzake. Mukapeza 11, kawirikawiri ndiye kuti simunadumphitse sitichi ija munasuntha, kapena wokoleka wa duwa loyandikana nalo wadumpha kamphete. Pa mzere 1 izi zimachitika kwambiri chifukwa kukoleka kumagundana ndi kamphete, ndiye werengani duwa la m'mbali musanayambe kumasula.

Maluwa si oluka pamaliro kapena pa msonkhano wa banki m'khonde. Amafuna nthawi imene ana agona kapena apita kusukulu, ndipo mukayamba mzere muumalize. Wina akagogoda mutafika pakati, malizani duwa limene muli, muime pa kamphete.

Mphonje ndi kutseka

Kuti m'mphepete muyanzike bwino ndi kutulutsa nsonga, tionjezera masitichi kamodzi.

Mzere 1: mpendero, pleni 1, * koleka, pleni 9, koleka, pleni 1 *, mpendero. Palibe kuphatikiza. Duwa lililonse tsopano lili ndi 12, onse pamodzi 295.

Mizere 3 ndi 5: mpendero, pleni 1, * koleka, pleni 4, phatikiza atatu, pleni 4, koleka, pleni 1 *, mpendero.

Mizere 2, 4 ndi 6: pelo monga kale. Pa mzere 6 musakoleke mu mpendero.

Kutseka ndi pamene ambiri amaonongera ntchito ya mwezi wathunthu. Katsekedwe kathu ka masiku onse, kodumphitsa sitichi pamwamba pa inzake, n'kothina ngati lamba wa sikete, ndipo shawelo yotsekedwa choncho singatambasuke ngakhale muikoke bwanji. Chitani izi: lukani pleni 2. Lowetsani singano ya kumanzere kutsogolo kwa masitichi awiriwo, muwaluke pamodzi. Yatsala imodzi. Lukani pleni ina, akhalanso awiri, muwaluke pamodzi chimodzimodzi. Pitirizani mpaka kumapeto, dzanja lili lomasuka. Ngati mumaluka mothina mwachibadwa, gwirani singano yokulirapo kudzanja lamanja. Mukatseka masitichi 20, kokani muone. Pazitambasuka mofanana ndi nsalu ya pamwamba pake. Sokererani michira ya ulusi kumbuyo, koma musaidule kufikira shawelo itakungidwa, chifukwa pokoka imalowa mkati.

Kukunga

Ndimati kukunga chifukwa n'zofanana ndi zimene amachita ndi chikopa cha ng'oma: kunyowetsa, kukoka, kukhomera, kusiya kuti chiume.

Ngati ndi ubweya, nyikani shawelo m'beseni la madzi ozizira kapena ofunda pang'ono kwa mphindi 20 kapena 30, mutadonthezamo shampu pang'ono. Osatikita, osapotokola, osasintha kuchoka m'madzi otentha kupita m'ozizira, chifukwa ubweya ukatero umagwirana n'kukhala ngati bulangete, ndipo sizibwerera. Itulutseni mutainyamula ndi manja awiri, muifinye pang'ono, muikulunge m'thaulo, mupondepo ndi mapazi kuti madzi alowe m'thaulo.

Yalani nsalu yoyera pa matiresi, kapena pa mphasa yoyalapo bulangete. Chitenje chatsopano ayi, chingasuluke n'kudetsa shawelo. Musanakhome mapini, dutsitsani ulusi wolimba wa thonje m'mabowo a m'mphepete mwa mpendero kuchokera ku nyanga ina kufika ku inzake. Khomani pini pakati pa khosi. Kokani nyanga ziwiri uku ndi uku, muzipindire m'mwamba pang'ono kuti m'mphepete mwa kumtunda mukhote mozama ngati kumwetulira. Musaumirize kuti mukhale mowongoka, chifukwa linunda lija limabwerera. Mangani ulusi wa thonje pa mapini a kunyanga kuti ukhale wokungika, muonjezere mapini angapo motsatira ulusiwo.

Tsopano nsonga. Pa duwa lililonse pali sitichi imodzi yokhala pakati pa mabowo awiri, ija inali pafupi ndi kamphete. Imeneyo ndiyo yokoka, ndipo mukawerengeranso sitichi yotsegulira mzere ija zonse pamodzi ndi 25. Yambani ndi ya pakati penipeni, muikokere pansi mpaka mabowo atseguke, mukhome. Kenako ya kunyanga iyi ndi ya kunyanga iyo, kenako za pakati pa zimenezi, mukusinthana mbali. Mukayambira mbali imodzi n'kumapita, shawelo imapendekeka. Kokani molimba mtima, ubweya wonyowa umatambasuka kuposa mmene mukuganizira. Yezani ndi tepi kuti nyanga ziwiri zifanane. Ndi ulusi wa 4 ply muyembekezere pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera ku nyanga kufika ku nyanga, ndi masentimita 40 pakati. Apa ndi pamene sanza ija imasanduka chinthu choti muitane a pakhomo adzaone.

Za mapini ndikunena zimene zidandionekera. Shawelo yanga yoyamba inali yoyera, ndinaikhomera ndi mapini otchipa a pamsika nthawi ya mvula. Itauma, nsonga iliyonse inali ndi kadontho ka dzimbiri, ndipo mpaka lero sikanachoke. Yesani mapini anu pa kansalu konyowa usiku umodzi musanawakhulupirire.

Iumire m'nyumba, mawindo ali otsegula, tsiku limodzi kapena awiri, ndipo musazule mapini ikadali ndi chinyontho ngakhale pang'ono. Panja pali dzuwa losulutsa mtundu, palinso ntchentche zija zimaikira mazira pa zovala zonyowa n'kudzetsa mphutsi pakhungu. Zovala zina timazisita kuti mazirawo afe, koma shawelo iyi sitiisita.

Akiliki samva madzi. Mukamukunga wonyowa, akauma amabwerera mwakale. Amamvera nthunzi yokha. Khomani shawelo youma monga ndafotokozera, muyale kansalu ka thonje konyowa pamwamba, mubweretse ayironi yotentha pafupi kwambiri kuti kansaluko katulutse nthunzi, koma kulemera kwa ayironi kukhale m'dzanja lanu, osati pa shawelo. Masekondi ochepa pamalo amodzi, kenako sunthani. Ayironi ikakhudza akiliki mwachindunji amasungunuka n'kunyezimira ngati pulasitiki, ndipo palibe mankhwala. Ya makala ikhozanso kugwira ntchito, bola mukupize phulusa kaye ndi kusamala zothetheka. Yesani pa kachidutswa ka masitichi 27 kaja kuti mudziwe kutentha koyenera. Ubwino wake ndi woti akiliki akakungidwa ndi nthunzi amakhala choncho mpaka kalekale, ngakhale mumuchape. Ya ubweya imafuna kukungidwanso nthawi iliyonse mukaichapa, n'chifukwa chake eni ake saichapa pafupipafupi, amangoiyanika pamphepo.

Ikauma zulani mapini, sololani ulusi wa thonje, dulani michira. Posunga muipinde, musaipachike pa hang'ala chifukwa imatamuka. Ya ubweya iikeni yoyera m'thumba lotsekeka bwino nyengo yotentha ikafika, poti njenjete zimakonda ubweya umene uli ndi thukuta, ndipo zikadula ulusi umodzi wokha pa duwa, bowo lake silikhala la pateni.